Munaika pepala lonyezimira kudenga koma m'nyumba mukutenthabe

Dandaulo ili limabwera chaka ndi chaka Okutobala akangolowa. Munthu anagula mpukutu wa pepala lonyezimira la aluminiyamu lija amisiri amalitcha sisalation, analipira kalipentala, pepala linalowa pansi pa malata, koma ikamakwana 2 koloko masana m'nyumba simukhalika, mwana akungolira, thukuta lili kamukamu. Ena ndi eni makontena amene anawasandutsa shopu, saluni kapena ofesi m'mbali mwa msewu. Ena ali ku South Africa, amagona mu park home kapena m'kalavani ya pamalo a ntchito, nyumba zija zimabwera pa lole zomangidwa kale n'kungozikhazika pa zipilala. Onsewa mawu awo ndi amodzi: pepala ili n'labodza, ndalama zalowa m'madzi.

Kawirikawiri pepala limakhala lilibe mlandu. Ntchito yake ndi imodzi yokha, ndipo limaigwira pokhapokha mbali yake yonyezimira ikayang'anizana ndi mpata wa mpweya. Mukalipanikiza pakati pa zinthu ziwiri, kapena mukalisiya likwiririke ndi fumbi, limasanduka pepala wamba. Ndipo ngakhale liikidwe bwino chotani, silingatseke kutentha kolowera pazenera kapena pakhoma la kumadzulo. Choncho musathamangire kusasula denga. Yambani mwadziwa kuti kutenthako kukulowera pati.

Chimene pepalali limatchinga

Kutentha kumayenda m'njira zitatu. Kumachoka m'chinthu kupita m'chinzake chimene chakhudzana nacho. Kumayendanso ndi mpweya, popeza mpweya wotentha umakwera m'mwamba. Njira yachitatu ndi ija mumaimva mukakhala pafupi ndi mbaula: makala simunawakhudze, mphepo ikuwombera kwina, koma nkhope ikuwauka. Wina akaika chivundikiro cha poto pakati pa inu ndi makalawo, nkhope imapepukidwa nthawi yomweyo ngakhale mpweya wa pamalopo sunasinthe. Malata otentha amakuwambani chimodzimodzi kuchokera pamwamba, ndipo pepala la aluminiyamu limatchinga njira yachitatuyi basi. Ziwiri zinazo silizigwira. Aluminiyamu ndi chitsulo, kutentha kumadutsamo mosavuta akakhudzana ndi chinthu chotentha.

Dzuwa likakhala paliwombo kumwamba kulibe mtambo, sikweya mita iliyonse ya denga imalandira mphamvu yokwana pafupifupi ma watts 1,000. Denga la kontena ya mafiti 20, yomwe mulitali ndi mamita 6 ndipo mulifupi ndi mamita 2.4, lili ndi masikweya mita pafupifupi 15, kutanthauza ma watts 15,000 pa kabokosi kamodzi kachitsulo. Malata akale kapena opakidwa penti wakuda amamwa gawo lalikulu la mphamvuyo, n'kufika madigiri 60 kapena 70, nthawi zina kuposa. Kuno kwathu dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kuyambira pakati pa Okutobala kufika kumayambiriro kwa Novembala. Limayambira ku Karonga n'kumatsika mpaka ku Nsanje, mvula isanagwe. Masiku amenewo ku Chikwawa, Ngabu ndi Nsanje, monganso ku Tete ndi ku chigwa cha Luangwa, mpweya wapanja wokha umapitirira madigiri 40.

Aluminiyamu wonyezimira amabweza magawo 95 mpaka 97 pa 100 alionse a kutentha kowambaku. Ali ndi khalidwe linanso limene ambiri salidziwa, ndipo ndi limene limatithandiza kwambiri pansi pa malata: iye mwini akatentha, sawamba zinthu zoyandikana naye. Thabwa, bodi ya siling'i, njerwa kapena lata la dzimbiri zimatulutsa pafupifupi magawo 90 pa 100 a kutentha kumene chinthu chingatulutse mowamba, pamene aluminiyamu woyera amatulutsa magawo 3 mpaka 5 okha. Choncho pepala likhoza kukhala lotentha mukaligwira ndi dzanja, koma osamuwamba munthu amene wakhala pansi pake. Musaliweruze poligwira.

Yambani ndi wotchi

Sankhani tsiku limodzi lotentha mutsatire nthawi. Ngati muli ndi tizipangizo topimira kutentha, kamodzi kapachikeni pakati pa chipinda, pamsinkhu wa mutu wa munthu amene wakhala pampando, kena pamthunzi panja. Lembani manambala 10 koloko m'mawa, 2 koloko, 5 koloko ndi 9 koloko usiku. Ngati mulibe, chikhatho n'chokwanira. Ikakwana 2 koloko imirirani pampando mugwire siling'i. Ikakwana 5 koloko gwirani khoma la kumadzulo cham'kati. Usiku gwirani makoma onse.

Siling'i ikamatentha masana, vuto lili kudenga. Ikakhala yofunda chabe koma chipinda n'kumayamba kuvuta kuyambira 3 koloko, yang'anani khoma ndi mazenera a kumadzulo. Masana kukamakhala bwino koma usiku tulo osabwera, nkhani ndi ya njerwa zosunga kutentha ndi mpweya wosowa kotulukira. Ndipo ngati m'nyumba mukufanana ndi pamthunzi panja, pepala lachita zonse zimene lingathe. Silipanga mpweya wozizira. Kunja kukakhala madigiri 41 ku Nchalo, m'kontena simungatsike kufika 28 chifukwa cha pepala lokha. Chimene mukumenyera n'chakuti m'nyumba musapose kunja, komanso mutu usamawauke.

Siling'i kapena khoma likutentha: fufuzani mpata

Apa ndi pamene ndingayambire kukayikira pa nyumba iliyonse, chifukwa ndi pamene amisiri ambiri, ngakhale aluso, amaphonya.

M'kontena zimachitika chonchi. Mmisiri amapaka guluu pachitsulo, amamata pepala, kenako amakhomerapo bodi mothinitsa kuti paoneke paudongo. Poyang'ana ntchito ndi yokongola. Koma tsopano chitsulo chakhudza pepala, pepala lakhudza bodi, ndipo kutentha kukungodutsa ngati panalibe kanthu. Kudenga la nyumba, ena amayala pepala pamwamba pa siling'i kenako n'kuliphimba ndi zotchinga kutentha zija zonga thonje, kapena amalipanikiza pakati pa malata ndi matabwa oyalidwa mothithikana. Zotsatira zake n'zofanana. Kuti mudziwe ngati ndi mmene zilili kwanu, masulani bodi imodzi ya pakona, kapena chotsani chivundikiro cha soketi magetsi ali ozimitsa, musuzumire ndi tochi. Ngati chala sichingalowe pakati pa pepala ndi bodi, ngakhalenso pakati pa pepala ndi chitsulo, mwalipeza vuto.

Chofunika n'chakuti mbali yonyezimira, ngakhale imodzi yokha, iyang'anizane ndi mpweya wa mamilimita 25, yomwe ndi inchi imodzi, kapena kuposerapo. Pakhoma la kontena dongosolo labwino ndi ili: chitsulo, mpata, pepala, mpata wina, kenako bodi. Mumayamba ndi timatabwa toimirira pakhoma, mumatambasula pepala pamwamba pake, mumakhomerapo timatabwa tina, ndiye bodi imabwera pomaliza. Musaboole khoma la kontena pokhoma timatabwato chifukwa bowo lililonse ndi polowera madzi ndi poyambira dzimbiri. Wowotcherera akuikireni tizitsulo tomangirirapo, kapena felemu ya matabwa idziimire yokha pakati pa pansi ndi denga. Kontena m'kati mwake ndi yopapatiza, mamita 2.35 okha, ndiye matabwa a 2 by 2, okhuthala mainchi awiri, oikidwa kawiri angakudyereni masentimita 10 mbali iliyonse. Timatabwa ta inchi imodzi timakwanira, ndipo mumangotaya masentimita 5 mbali iliyonse.

Pansi pa malata a nyumba nkhani ndi yopepuka pang'ono. Amisiri ambiri amayala pepala pamwamba pa ma purlin, matabwa aja okhomerapo malata, kulikoka kuti lithine, kenako n'kukhomerapo malata. Pamenepo pepala limakhudza malata m'malo ambiri, ndipo mbali yapamwamba siigwira ntchito. Musalichotse. Ngati mbali yapansi ndi yonyezimira ndipo ikuyang'ana mpweya wa m'denga, ikugwira ntchito ija yosawamba, yomwe ndi yaikulu. Kungoti zikanakhala bwino koposa akanaliyala pamwamba pa matirasi, mafelemu aja onyamula denga, ma purlin asanakhomedwe, kuti makulidwe a purlin apange mpata, kapena akanalisiya lilendewere masentimita 3 kapena 4 pakati pa purlin ndi purlin.

Ngati nyumba inafoleredwa kale popanda pepala, simufunika kuzula malata. Pepala likhoza kukhomedwa cham'kati, kunsi kwa ma purlin kapena kunsi kwa matabwa otsetsereka a tirasi. Siyani mpata wa masentimita 10 mpaka 15 kumunsi pafupi ndi khoma, ndi wina kumtunda pafupi ndi msana wa denga, kuti mpweya wotentha wa pakati pa malata ndi pepala uzikwera n'kutuluka.

Onaninso mtundu wa pepala limene munagula. Lina limanyezimira mbali zonse, lina mbali imodzi yokha, inayo ndi pulasitiki yoyera kapena yabuluu. La mbali imodzili likaikidwa chonyezimira chitagunda malata, choyera chikuyang'ana pansi, ndiye kuti mbali yogwira ntchito yaphedwa ndipo yotsalayo ikuwamba ngati bodi wamba. Palinso pepala lija lili ndi timatumba ta mpweya pakati, limene eni makalavani amakonda kudula n'kutseka nalo mazenera. Ogulitsa ena amanena kuti timatumbato ndiye mpata, mukhoza kungolimata. Timatumbato ndi tochepa kwambiri, mamilimita ochepa chabe, ndipo patokha timatchinga kutentha pang'ono zedi. Nalonso limafuna mpata weniweni.

Chinanso chimene chimandimvetsa chisoni ndi penti. Munthu amaona kuti denga lonyezimira silikukongola m'chipinda chochezera, amalipaka penti woyera, kapena amamata nsalu pomwepo. Penti aliyense, ngakhale wooneka ngati siliva, amabwezera pepala ku magawo ochuluka a kuwamba. Ngati simukufuna kuona kunyezimira, ikani siling'i kapena nsalu m'munsi mwake mutasiya mpata.

Chaka choyamba linkathandiza, pano lasiya

Ili ndi fumbi. Pepala loyalidwa chogona pamwamba pa siling'i, chonyezimira chikuyang'ana kumwamba, limagwira bwino likadali latsopano. Kenako mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala imalowetsa fumbi, mileme ndi makoswe zimasiya zitosi, ndipo pang'ono ndi pang'ono chimene chikuyang'ana malata si aluminiyamu koma dothi. Kupukuta ndi nsalu yonyowa kumathandiza pamene dzanja lingafike, koma fumbi limabweranso. Njira yokhalitsa ndi kusamutsa pepala, likakhale kunsi kwa denga chonyezimira chikuyang'ana pansi, kumene fumbi silikhazikika.

Kukhitchini ndi m'makontena ophikiramo chipisi, mwaye ndi mafuta zimamata ngakhale mbali yapansi. Tsukani ndi madzi ofunda ndi sopo wochepa wotsukira mbale. Musagwiritse ntchito phulusa, soda kapena mankhwala amphamvu otsukira uvuni, ndipo musalole simenti yaiwisi kapena laimu kugwera pa pepala, chifukwa zimenezi zimadya aluminiyamu n'kumusiya wotuwa ngati ufa. Pepala likafika potuwa chotero silibwereranso, gawo limenelo lisinthidwe.

M'denga muli ngati mu uvuni

Kutentha kumene pepala labweza sikusowa. Kumatsalira m'malata ndi mu mpweya wapamwambapo, ndipo ngati mpweyawo ulibe kotulukira, umatentha mpaka kutenthetsa pepala, matabwa ndi mpweya wonse wa m'denga, kenako siling'i. Nyumba zambiri za masiku ano zimatsekedwa ndi njerwa mpaka kugunda malata, ntchito ija amisiri amati beam filling, ndipo kumakoma a m'mbali sikusiyidwa bowo lililonse. Denga lotero silipuma.

Pamafunika polowera mpweya m'munsi ndi potulukira pamwamba. Bowo limodzi lokha silithandiza, chimodzimodzinso chipangizo chozungulira ndi mphepo chija chimaikidwa pamsana pa denga: chimakoka mpweya pokhapokha pali kwina kumene ukulowera. Malamulo a zomangamanga a ku America amati mabowo onse pamodzi akwane gawo limodzi pa magawo 150 a kukula kwa siling'i. Pa nyumba ya masikweya mita 60 ndiye kuti masikweya mita 0.4, monga mabowo anayi a masentimita 30 kwa 35. Onjezeraniko pang'ono chifukwa waya wa sefa amachepetsa mpweya wodutsa.

Sefayo musamusiye. Udzudzu wofalitsa malungo umakonda kulowera pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga, ndipo beam filling inabwera ndi phindu lotseka mpata umenewu. Musagule mphepo ndi malungo a ana anu. Bowo lililonse limene mwatsegula likhale ndi sefa wa mabowo ang'onoang'ono, wokhomedwa bwino m'mbali monse, ndipo muziliyendera chifukwa sefa amachita dzimbiri n'kung'ambika.

Kontena imabwera ndi timabowo ting'onoting'ono m'makona apamwamba. Timeneto anatipangira katundu wa pasitima, osati anthu. Dulitsani bowo m'munsi kumbali ya mthunzi ndi lina pamwamba kumbali yoyang'anizana nayo, ndipo lililonse lizunguliridwe ndi felemu ya chitsulo, chifukwa mphamvu ya kontena ili m'makoma ake opindikapindikawo.

Pamene m'denga simulowereka

Park home ndi kalavani zili ndi denga lopyapyala lotsekedwa ku fakitale. Mpata wa pakati pa chitsulo chapamwamba ndi siling'i ndi wochepa, munthu sangalowemo, ndipo kusasula siling'i yake kumawononga zambiri kuposa zimene mungakonze. Apa ntchito ichitikire kunja. Ku America, kumene nyumba zotere n'zochuluka, zambiri zomangidwa chisanafike chaka cha 1976, pamene boma linakhazikitsa malamulo a kamangidwe kake, zili ndi denga la chitsulo ndi zotchinga kutentha zochepa. Eni ake amachita ziwiri: kupaka denga penti woyera wokhuthala wotanuka, kapena kumanga denga lina pamwamba. Njira ziwirizi zimagwiranso pa kontena ndi pa nyumba ya malata.

Za penti, pali chinthu chimene chimadabwitsa ambiri. Lata latsopano lonyezimira limabweza kuwala ndithu, koma kutentha kumene lamwa limakusunga, chifukwa chitsulo chosapakidwa sichitulutsa kutentha mosavuta. Penti woyera amachita zonse ziwiri: amabweza dzuwa, komanso amatulutsa kutentha kubwerera kumwamba. Denga loyera likhoza kutsika ndi madigiri 20 kapena kuposa poyerekeza ndi lakuda. Mzinda wa Ahmedabad ku India, umene unakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi kutentha mu 2013, unayamba mu 2017 kupaka zoyera madenga a m'madera a anthu osauka pa chifukwa chomwechi. Gulani penti wa padenga weniweni. Laimu ndi wotchipa koma amakokoloka ndi mvula yoyamba ndipo sagwirizana ndi malata okutidwa ndi aluminiyamu. Tsukani denga, palani dzimbiri, ndipo ngati malata ndi atsopano yambani ndi penti woyambira woyenera malata, apo ayi zonse zidzasupuka. Denga loyera likada ndi fumbi limataya mphamvu, ndiye lizitsukidwa chilimwe chisanafike. Kumata pepala lonyezimira pamwamba pa denga panja ndi kutaya ndalama: mphepo imaling'amba, dzuwa limafumbutsa pulasitiki yake, ndipo limathobwa m'maso anansi anu.

Denga lachiwiri ndi lokwera mtengo, koma pa kontena palibe choliposa. Likhale masentimita 30 mpaka 50 pamwamba pa denga loyamba, mbali zonse zotsegula kuti mphepo izidutsa, ndipo lituluke kunja masentimita 60 mpaka mita imodzi kuti lichitire mthunzi makoma. Pepala lonyezimira liikidwe kunsi kwa denga latsopanoli. Pa kontena, felemu imangiriridwe m'makona ndi m'mphepete, osati pakati pa denga pomwe chitsulo n'chopyapyala. Pa park home ndi kalavani, denga latsopano likhale pa nsanamira zakezake zozikika pansi, lisalemetse nyumbayo. Limangeni molimba poganizira mphepo ya mkuntho imene imabwera ndi mvula yoyamba, chifukwa denga lotsegula m'mbali limanyamulidwa mosavuta. Ena amayala udzu kapena mphasa pamalata penipeni. Mthunzi umakhalapo, koma udzu umasunga madzi n'kudyetsa malata dzimbiri, ndipo m'chilimwe kamoto kamodzi n'kokwanira.

Kutentha kwa madzulo

Siling'i ili bwino koma kuyambira 3 koloko m'chipinda mukuvuta. Dzuwa lapendeka, tsopano likuwomba khoma ndi zenera la kumadzulo molunjika. Katani ya m'kati imathandiza pang'ono, poti kutentha kwadutsa kale galasi. Tchingani kunja: khonde, chitchingo cha nsungwi, mphasa yolendewera masentimita angapo kuchokera pakhoma, neti ya mthunzi, kapena mtengo. Ngati mukuika pepala pazenera, chonyezimira chiyang'ane kunja, ndipo ndi bwino likhale kunja kwa galasi. Pa mazenera a magalasi awiri ophatikiza kapena a pulasitiki, monga a makalavani a ku Britain, pepala lomatidwa m'kati limaunjika kutentha pagalasi ndipo likhoza kuling'alula kapena kulipinda.

Amene simunakhazike kontena yanu, italike kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, kuti mbali zifupizifupi ndi zimene zizikumana ndi dzuwa la m'mawa ndi la madzulo. Zimenezi n'zaulere tsiku limene lole yabwera, koma kuitembenuza pambuyo pake kumafuna kuitana kireni.

Musaiwale zotentha za m'kati momwemo. Filiji, difiliza ya zakumwa, zoumitsira tsitsi za mu saluni: mphamvu yonse ya magetsi imene zimadya imathera m'chipindamo ngati kutentha, ndipo pepala limakusunga. Kumbuyo kwa difiliza kukhale pafupi ndi bowo lotulutsa mpweya.

Usiku

Malata amazizira msanga dzuwa likalowa, ndipo nyumba yopanda pepala imatayira kutentha kwake kumeneko. Pepala limachedwetsa zimenezi, ndiye nyumba ya pepala yotsekedwa ikhoza kukhala yofunda usiku kuposa kale. Mankhwala ake ndi mphepo. Kunja kukangozizira kuposa m'kati, tsegulani mazenera a mbali ziwiri zoyang'anizana, okhala ndi sefa, ndipo gonani m'neti. Fani ikaikidwa pazenera ikupemerera kunja imakoka mpweya wozizira kudzera pazenera linalo, zomwe zimaposa kungozunguza mpweya wotentha womwewo. M'nyumba ya njerwa, m'mawa tsekani mazenera a kumbali ya dzuwa kuti kuzizira kwa usiku kukhalitse. M'kontena ndi m'kalavani zimenezo sizigwira, chifukwa mulibe njerwa zosunga kuzizira.

Madzi akudontha koma mvula sinagwe

Izi zimaoneka mu Juni ndi Julaye, makamaka kumalo okwera monga Dedza, Mzuzu ndi Johannesburg. Usiku wopanda mitambo malata amazizira kuposa mpweya, ndipo chinyezi cha m'nyumba, chochokera ku mpweya wopuma, kuphika ndi zovala zonyowa, chimasanduka mame kunsi kwake. Ngati kukudontha m'mawa wozizira kunja kuli kouma, ndi mame. Ngati kumadontha mvula ikagwa, ndi msomali kapena polumikizira malata.

Pepala loikidwa bwino limawakha madziwo n'kuwatsitsira kunja kwa khoma. Kuti litero, kuyala kuyambire m'munsi kukwera kumtunda, lapamwamba lizivundikira lapansi ndi masentimita 15, ndipo polumikiza pamatidwe ndi tepi ya aluminiyamu. Mukaona pepala latupa ngati thumba pakati pa ma purlin, muli madzi. Boolani pang'ono muwakhetsere m'ndowa, pezani kumene achokera, kenako matani. M'kontena vuto limabisala: mpweya wa m'chipinda ukalowa kuseri kwa pepala kudzera m'ming'alu, umanyowetsa chitsulo, dzimbiri ndi nkhungu n'kumakula osaoneka. Matani polumikizira ponse mbali ya m'chipinda, ndipo nthunzi ya pophika izitulukira panja.

Nyengo yozizirayi pepala silithandiza kwambiri, popeza kutentha kwa m'nyumba kumathawa pokwera ndi mpweya. Chonde musalowetse mbaula m'kontena kapena m'kalavani yotseka kuti mufunde. Makala amatulutsa mpweya wapoizoni wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo nyumba yomatidwa bwino ndi tepi ndi imene imausunga.

Musanakwere: magetsi

Pepala ili limadutsa magetsi. Msomali kapena kawaya ka sitepula kakaboola waya wa magetsi, pepala lonse la m'denga limakhala ndi moto wa magetsi, pamodzi ndi malata kapena kontena yonse. Ku Australia, boma litayambitsa ntchito yoika zotchinga kutentha m'nyumba za anthu mu 2009, achinyamata anayi ogwira ntchitoyi anamwalira pasanathe chaka, atatu ndi magetsi, mmodzi ndi kutentha kwa m'denga, ndipo mu Febuluwale 2010 boma linaimitsa kugwiritsa ntchito pepala la aluminiyamu pa ntchitoyo.

Zimitsani magetsi pa main switch, osati pa switch ya m'chipinda. Ngati muli ndi sola, zimitsaninso inveta, ndipo kumbukirani kuti mawaya ochokera ku mapanelo amakhala ndi moto nthawi yonse imene kuli dzuwa. Onani kumene waya aliyense wadutsa musanakhome chilichonse, ndipo pepala lisaphimbe polumikizira mawaya kapena magetsi olowa m'siling'i. Pepala la timatumba ndi la pulasitiki limayaka, choncho litalikirane ndi chumuni ndi pophikira. Gwirani ntchito m'mamawa, mutuluke dzuwa lisanakwere, imwani madzi, ndipo pansi pakhale munthu wokumverani. Pondani pa matabwa okha, osati pa bodi. Ngati mutamaliza wina wamva kunyerenyetsa pogwira khoma la kontena, chitseko kapena mpopi, zimitsani magetsi nthawi yomweyo ndipo muitane wodziwa za magetsi. Musayatsenso kufikira atapeza vuto ndi kuona ngati waya wa earth ali bwino.

Zonse zili m'malo koma siling'i ikadali yofunda

Pamenepa pepala lafika pamapeto a mphamvu zake, chatsala ndi kutentha koyenda ndi mpweya wa m'denga. Unduna wa zamphamvu wa ku America umati m'madera otentha pepala lotere limachepetsa ndalama zoziziritsira nyumba ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100, koma kumeneko nyumba zimakhala kale ndi zotchinga zokhuthala pa siling'i. Pansi pa malata opanda kanthu kusintha kumamveka kwambiri kuposa pamenepo, komabe nambalayo ikutiuza kuti pepala ndi zokhuthala zimagwira ntchito zosiyana ndipo zimafunana.

Yalani zotchinga zonga thonje, za fibreglass kapena polyester, zokhuthala masentimita 5 mpaka 10, pamwamba pa siling'i penipeni, pepala likhale pamwamba pake kunsi kwa malata, pakati pali mpweya. Musazipsinje, chifukwa mphamvu yake ili mu mpweya wa m'kati mwake, ndipo musatseke nazo mabowo olowera mpweya a m'munsi aja. Poyala fibreglass valani malaya a manja aatali, magolovesi ndi chotseka pamphuno, poti imayabwa ndi kutsokomoletsa. Utuchi, makatoni ndi mankhusu a mpunga zimatchinga kutentha ndithu, koma pamwamba pa siling'i, pafupi ndi mawaya, zimaitana moto, chiswe ndi makoswe. Ngati ndalama sizikukwanira nyumba yonse, yambani ndi chipinda chogona ana ndi okalamba, kenako chipinda cha kumadzulo.